Nthambo za Masikirini M'chipinda Cholondera: Mawu kwa Amisiri a ku Kasungu

 

Mutu umene ndasankha ukuoneka wopepuka. Ndikamba za nthambo imene imatenga chithunzi kuchoka ku kompyuta, kapena ku makina ojambulira makamera, kukachifikitsa pa sikirini. Mukatenga kotesheni ya chipinda cholondera, mupeza kuti makamera alembedwa ndi mtundu wake, masikirini alembedwa ndi mainchesi ake, kenako pansi penipeni pali kamzere kamodzi kakuti nthambo ndi zina zing'onozing'ono. Kamzere kameneko ndi kamene kamadzatisowetsa tulo. Nthambo timaigula tsiku lomaliza, ndi ndalama zotsala, ndipo timatuma mwana wophunzira ntchito kuti akatenge iliyonse imene mutu wake ukulowa pabowo. Chimene ndadzera pano n'chakuti nthambo isankhidwe ntchito isanayambe, tepi yoyezera ili m'manja, mmisiri akudziwa kuti inyamula chithunzi chochuluka bwanji, iyenda mtunda wotani, ndiponso ikadzafa inzake idzapezeka kuti.

Wina afunsa kuti, kodi zipinda zoterezi si za ku ESCOM, za kubwalo la ndege la Kamuzu ndi za mabanki a ku Lilongwe? Kale zinali choncho. Koma kuno kwathu chuma chimagona m'mashedi. Msika wa fodya ukatsegulidwa, kawirikawiri mu Epulo, mumaona nokha malole akundandalika kulowera ku Chinkhoma, atasenza mabelo ochokera ku Chamama, ku Santhe, ku Wimbe, kwa Chulu, ku Nkhamenya. Belo lililonse ndi thukuta la banja kuyambira pa nazale mpaka pa jeke, ndipo mtengo wake umawerengedwa m'madola. Aliyense wosunga mabelo a anthu, kaya ndi esiteti, kaya ndi mwini malole, kaya ndi kalabu imene yakula, amafuna maso pageti, maso pasikelo, maso m'shedi, maso kumabalani. Makamera masiku ano akupezeka, ndiye kachipinda kamodzi kamakhala ndi masikirini 4 kapena 6, mlonda mmodzi kapena awiri akuyang'ana usiku wonse. Chimenecho ndi chipinda cholondera ndithu, ngakhale denga lake likhale la malata opanda siling'i.

Tsono taganizani sikirini ya pageti ikuthima masekondi 2 kapena 3, n'kuyakanso yokha, n'kudzathimanso pakapita kanthawi. Makina ojambulira akujambulabe, zimenezo n'zoona. Koma mlonda sitinamulembe ntchito kuti adzaonere mawa zimene zachitika usiku uno. Ndipo munthu ndi munthu: sikirini ikamamunamiza usiku uliwonse amasiya kuikhulupirira, kenako amasiya kuiyang'ana.

Tiyambe ndi katundu amene nthambo imanyamula. Chithunzi cha pa sikirini ndi timadontho. Sikirini imene pabokosi pake alembapo Full HD ili ndi timadontho 1920 chopingasa ndi 1080 chotsika, tonse pamodzi 2,073,600. Ya 4K ili ndi 3840 ndi 2160, tonse pamodzi 8,294,400, kuwirikiza kanayi ndendende. Timadonthoti sititumizidwa kamodzi n'kusiya, chithunzi chonse chimatumizidwanso mobwereza, nthawi zambiri ka 60 pa sekondi. Pa HDMI, Full HD ya ka 60 imafuna magigabiti pafupifupi 4.5 pa sekondi, 4K ya ka 30 imafuna pafupifupi 9, pamene 4K ya ka 60 imafuna pafupifupi 18. Zili ngati mlatho wa matabwa pamsewu wa kumudzi: ngolo ya mabelo imawoloka bwinobwino chaka ndi chaka, koma tsiku limene mwabwera ndi lole yodzaza ndi pamene mumadziwa kuti matabwawo ndi otani. Nthambo imene yakutumikirani zaka zambiri pa sikirini yakale ikakana pa TV yatsopano ya 4K, sikuti yawonongeka ayi, katundu ndi amene wachuluka.

Kodi 4K ikufunikadi? Zimatengera chimene mukuonetsapo. Mukaika makamera 16 pa sikirini imodzi ya Full HD, kamera iliyonse imapeza kagawo ka timadontho 480 ndi 270. Pamenepo muona kuti pageti paima lole, koma nambala yake simuiwerenga. Pa 4K kagawo komweko kamakhala 960 ndi 540, ndipo nkhope ya munthu imayamba kudziwika. Choncho sikirini yaikulu ya pakhoma ya makamera ambiri ikhale ya 4K ngati ndalama ilipo. Komanso dziwani kuti makamera ambiri olondera amatumiza zithunzi 25 pa sekondi kapena zocheperapo, ndiye pa sikirini yongoonera, 4K ya ka 30 yakwana, ndipo imalolera nthambo yotalikirapo. Pa desiki pamene munthu akugwira mausi ndi kulemba manambala a mabelo, ka 30 kamatopetsa, kamuvi kamachita ngati kakukokedwa. Pamenepo mupatseni ka 60.

Mitu ya nthambo imene mukumane nayo ndi yowerengeka. Wakalekale ndi wa VGA, uja wabuluu wa timano 15 ndi tizomangira tiwiri m'mbali, umene unabwera ndi makompyuta a IBM mu 1987. VGA imatumiza chithunzi monga mafunde a magetsi osati monga manambala, ndiye chosokoneza chilichonse chimaonekera: mizere yoyenda pa sikirini, mthunzi pambali pa zilembo. Mu 2010 Intel ndi AMD analengeza kuti akuisiya pofika 2015. Ine sindiinyoza. Tizomangira take timagwira, ndipo ikamafooka chithunzi chimangochita mbuu koma osathima. Ngati muli ndi sikirini yakale yaing'ono pafupi ndi makina ojambulira, igwiritseni ntchito, koma chipinda chatsopano musachimange pa VGA. Chenjezo limodzi: makina ambiri ojambulira otsika mtengo ali ndi bowo la VGA ndi la HDMI, koma onse awiri amatulutsa chithunzi chimodzimodzi. Funsani musanalonjeze abwana masikirini awiri osiyana. DVI ya mu 1999, ya mutu woyera, sinditayapo nthawi. Imamvana ndi HDMI kudzera pa kaadaputa wamba ndipo Full HD imanyamula popanda vuto.

Pa HDMI ndiimapo pang'ono, chifukwa ndi pamene timanamizidwa kwambiri. Inatuluka mu 2002, ili ndi timano 19, ndipo ili pafupifupi pa TV ndi dekoda iliyonse. Mwamva manambala ake: 1.4 ya mu 2009 imafika magigabiti 10.2, 2.0 ya mu 2013 imafika 18, 2.1 ya mu 2017 imafika 48. Manambala amenewa amanena za makina ndi mabowo ake. Nthambo zili ndi mayina ena, olembedwa pa paketi ndipo nthawi zambiri pa khungu la nthamboyo. High Speed inayesedwa mpaka 10.2, Premium High Speed mpaka 18, Ultra High Speed mpaka 48. Ziwiri zomalizazi, zikakhala zenizeni, paketi yake imakhala ndi chizindikiro cha QR chimene mungachijambule ndi foni n'kutsimikiza kuti nthamboyo inayesedwadi. Wogulitsa akakuonetsani paketi yolembedwa 8K m'zilembo zikuluzikulu ndi chithunzi cha mkango, koma palibe dzina limodzi mwa amenewa, dziwani kuti mukugula chithunzi cha mkango.

Za mitu ya golide nazo tisanamizane. Golide amateteza ku dzimbiri, basi. Sawonjezera kuwala kapena kukongola kwa chithunzi. Manambala akafika onse, chithunzi cha nthambo yotsika mtengo ndi cha yodula n'chimodzimodzi. Akayamba kutayika panjira mumaona timadontho toyera tikuthwanima apa ndi apo, kenako kuthimathima kuja, kapena kompyuta imadzitsitsa yokha kuchoka pa ka 60 kupita pa ka 30 osakuuzani. Choncho ndalama yanu ipite pa nthambo yoyesedwa ndi yonenepa bwino, osati yonyezimira. Kunenepa kwa waya wa m'kati kumalembedwa ndi nambala ya AWG, ndipo nambala yaing'ono ndiyo waya wonenepa: 24 ndi wonenepa kuposa 28 kapena 30.

Mtunda ndi umene umagwetsa ambiri. Lamulo limene ine ndimayendera pa nthambo ya kopa ya HDMI ndi ili: Full HD mpaka mamita 10 sindidandaula, mamita 15 pokhapokha nthambo ili yonenepa ndipo ndaiyesa, 4K ya ka 60 ndimalekeza pa mamita 5. Ndiye wina amati, chipinda chathu n'chaching'ono, kuchoka pa desiki kufika pakhoma ndi mamita 4 okha. Achimwene, nthambo siuluka. Ikwera khoma mamita 2.5, idutsa kudenga mamita 4, itsika mamita 1.5 kufika pa TV, kenako musiye mita imodzi yolendewera mbali iliyonse kuti desiki ikasuntha isakoke. Akwana mamita 10. Yezani njira imene nthambo idutse, osati pamene diso likuona. Tengani chingwe, chidutsitseni m'njiramo, muchiyeze.

Vuto lina la HDMI n'lakuti mutu wake ulibe chogwirira. Umangosomekedwa. Nthambo yonenepa ikalendewera kuseri kwa TV, kulemera kwake kumaukoka pang'onopang'ono, ndipo tsache la wosesa m'mawa limamaliza ntchito. Imangirireni pa chitsulo chogwira TV, masentimita ochepa kuchokera pabowo, kuti kulemera kusakhale pa timano.

Tsopano tembenuzani kompyuta yanu muone kumbuyo. Makompyuta ambiri a mu ofesi amene timagula a kaunjika, a Dell OptiPlex, a HP, a Lenovo, ali ndi mabowo ofanana ndi a HDMI koma odulidwa ngodya imodzi yokha. Imeneyo ndi DisplayPort, imene bungwe la VESA linatulutsa mu 2006, ya timano 20. Kawirikawiri mupeza mabowo awiri otere ndi limodzi la VGA, la HDMI osapezekapo. Kwa masikirini a pa desiki, amene ali mamita 2 kapena kucheperapo kuchokera pa kompyuta, ine ndimasankha DisplayPort mosakayika. Kuyambira pa 1.2 imanyamula 4K ya ka 60, ndipo mitu yake yambiri ili ndi timbedza togwira. Timbedzato tili ndi batani. Dinani batanilo musanazule. Mabowo ambiri afa chifukwa cha munthu wamphamvu amene anangokoka.

DisplayPort 1.2 inabweretsanso luso lotchedwa MST, lolumikiza masikirini mondondozana: nthambo imachoka pa kompyuta kulowa sikirini yoyamba, ina imachoka pa yoyamba kulowa yachiwiri, mpaka masikirini 4 a Full HD pa bowo limodzi, iliyonse ndi chithunzi chake. Pamafunika kuti sikirini ikhale ndi bowo lotulutsira, ndipo MST iyatsidwe m'menyu yake. Windows imalola, makompyuta a Apple salola. N'zokongola, desiki imakhala yaudongo. Koma m'chipinda cholondera ndimazikayikira, chifukwa nthambo yoyamba ikafa, onse a m'mbuyo mwake athima limodzi. Ngati mungakwanitse, gulani khadi la zithunzi la mabowo 4, sikirini iliyonse ikhale ndi nthambo yake. Ngati simungathe, sikirini ya pageti musaiike kumapeto kwa mzere.

Ma TV ambiri alibe DisplayPort, ndiye adaputa simungaithawe, ndipo apa mvetserani bwino. Nthambo yokhala ndi DisplayPort mbali ina ndi HDMI mbali inayo imayenda njira imodzi yokha: kuchoka pa kompyuta ya DisplayPort kupita pa sikirini ya HDMI. Yotsika mtengo imagwira ngati bowo la kompyuta lili la mtundu wa DP++, koma pa 4K ya ka 60 fufuzani yolembedwa active, imene ili ndi kachipangizo kosinthira m'mutu mwake. Mukaitembenuza, kuti ichoke pa makina ojambulira a HDMI kupita pa sikirini ya DisplayPort, simuona kanthu. Pamenepo pamafunika chosinthira china chodya magetsi akeake. Masikirini abwinobwino abwezedwa kusitolo ati ndi akufa chifukwa cha zimenezi.

Pali tizirombo tina tiwiri ta DisplayPort timene amisiri ayenera kutidziwa. Kadzino ka nambala 20 kamanyamula magetsi a mavolti 3.3 odyetsa maadaputa, ndipo pa nthambo wamba sikayenera kulumikizidwa mbali zonse. Opanga nthambo zachinyengo amakalumikiza, magetsi n'kumabwerera kuchoka pa sikirini kulowa mu kompyuta. Mukaona kompyuta ikukana kuyaka mpaka mutazula nthambo ya sikirini, kayikirani nthamboyo musanatsegule kompyuta. Kachiwiri ndi aka: sikirini iliyonse imadzidziwitsa kwa kompyuta kudzera pa uthenga wotchedwa EDID, kunena dzina lake ndi kukula kwa chithunzi chimene ingalandire. Mlonda akathimitsa sikirini imodzi ya DisplayPort kuti apumitse maso, kompyuta imatha kuyesa kuti yazulidwa, n'kusamutsira mawindo onse pa sikirini ina. Akaiyatsanso, makamera asakanikirana, ndipo iye sadziwa kuwabwezera. Windows 11 ili ndi posankha kuti izikumbukira malo a mawindo, komanso pali tizipangizo tating'ono tosomeka pakati tosunga EDID. Koma choyamba, auzeni alonda kuti sikirini sizithimitsidwa.

Ndinene za splitter, chifukwa yadya ndalama za anthu. Kabokosi kolowa HDMI imodzi n'kutuluka 4 sikakupatsani masikirini 4 osiyana. Kamangobwereza chithunzi chomwecho kanayi. N'kabwino ngati abwana akufuna kuona mu ofesi mwawo zimene mlonda akuona. Koma ngati mukufuna geti apa, sikelo apo, muwerenge mabowo otulutsira pa kompyuta kapena pa makina ojambulira, chifukwa chithunzi chilichonse chosiyana chimafuna gwero lake. Za USB-C ndingoti: si bowo lililonse kapena nthambo iliyonse ya mutu umenewo imene imanyamula chithunzi. Yotchajira foni ndi yotchajira foni.

Nanga mtunda ukapitirira mamita 10 kapena 15? Musanagule chilichonse, dzifunseni ngati simungasunthe makinawo. Chithunzi cha kamera chikamayenda pa netiweki chimakhala chopanikizidwa, chopepuka, ndipo nthambo ya Cat6 imachinyamula mamita 100. Chimalemera chikangotuluka pa bowo la HDMI. Ndiye kakompyuta kakang'ono komangirira kuseri kwa TV, kolandira makamera pa netiweki n'kulumikizidwa ndi HDMI ya mita imodzi, nthawi zambiri kamaposa nthambo yaitali iliyonse. Zikakanika, pali timabokosi tiwiri totumiza HDMI pa Cat6. Ta mtundu wa HDBaseT, umene unayamba mu 2010, timafika mamita 70 kapena 100 malinga ndi mtundu wake. Palinso nthambo za HDMI za faiba m'kati, zopyapyala, zonyamula 4K mamita makumi angapo. Zimenezi zili ndi mutu wolembedwa Source ndi wina Display. Werengani musanaikokere kudenga, chifukwa mukaitembenuza mukwereranso makwerero.

Cat6 nayo ili ndi yachinyengo. Bokosi lotsika mtengo mokayikitsa nthawi zambiri ndi CCA, waya wa aluminiyamu wongokutidwa ndi kopa pamwamba. Umathyoka msanga, umatentha ukamadyetsa kamera magetsi, ndipo timabokosi ta HDMI timaukana pa mtunda wautali. Kuuyesa n'kosavuta. Sendani kachidutswa, muupale ndi mpeni. Ukaoneka woyera m'kati, si kopa. Chitani zimenezi pa kauntala, wogulitsa akuona.

Ndikuuzeni zimene ndinapeza pa esiteti ina, dzina ndisunga. Sikirini yaikulu inkathima nthawi iliyonse pampu ya pamjigo ikalizidwa. Anali atasintha kale TV, anakayikira makina ojambulira, ndipo mlonda wausiku anali atayamba kuyang'anidwa ndi diso lina, ati mwina akuchita dala. Nditakwera kudenga ndinapeza nthambo ziwiri zopyapyala za HDMI, za mamita 10 iliyonse, zolumikizidwa pakati ndi kajoini, zitamangidwa ndi malegeni pamodzi ndi waya wa magetsi wopita ku pampuyo, mtunda wonsewo. Mota ikamayamba imakoka magetsi ambiri mwadzidzidzi, ndipo phokoso lake la magetsi linkalowa m'nthambo imene inali kale pamalire a mphamvu zake. Tinachotsa zonse, tinaika Cat6 ya kopa m'paipi yakeyake kutali ndi waya wa pampu, vuto linatha. Mlonda uja analibe mlandu. Nthambo ya chithunzi isagone limodzi ndi ya magetsi. Zisiyane ndi masentimita 30 ngati malo alipo, ndipo zikafuna kudutsana zidutsane mopingasa.

Izi zanditengera ku mphenzi. Kasungu ndi chigwa chotambalala, ndipo kuyambira Novembala mpaka Epulo shedi ya malata ndi thanki ya madzi ndi zimene zimatalika kuposa china chilichonse pamtunda. Mphenzi siyenera kuchita kugwa panyumba kuti iwononge. Ikagwa pafupi, waya aliyense wa kopa wolumikiza nyumba ziwiri amanyamula mphamvu yake n'kukaitula pa bowo la HDMI kapena la netiweki. Choncho pakati pa nyumba ndi nyumba, kuchoka kugeti kupita ku ofesi, kuchoka kumabalani kupita kuchipinda cholondera, ikani faiba. Faiba ndi galasi, magetsi sadutsamo. Koma samalani: nthambo za HDMI za faiba ndatchula zija zambiri zimakhalabe ndi timawaya ta kopa m'kati, ndiye sizikutetezani. Pamafunika faiba yeniyeni, yokhala ndi kabokosi kosinthira mbali iliyonse.

M'kati mwa chipinda, mdani ndi waya wa earth wosowa. Magetsi athu ndi a mavolti 230, ndipo pulagi yathu ili ndi mano atatu pa chifukwa. Tonse tikudziwa chizolowezi chodula pulagi n'kusomeka mawaya awiri mu soketi ndi kamtengo ka machesi. Kompyuta ikakhala pa soketi ya earth, TV ili pa ina yopanda earth, pakati pawo pamakhala kusiyana kwa mphamvu, ndipo njira yokhayo yolumikiza ziwirizi ndi nthambo ya chithunzi ija. Mukagwira mutu wa HDMI n'kumva kunyerenyetsa m'zala, kapena kuona kamoto posomeka, imani pomwepo. Zipangizo zonse za chipindacho zidye pa gwero limodzi la earth yoyesedwa, ndipo posomeka kapena pozula nthambo, thimitsani kaye.

Kuthima kwa magetsi sindingakuphunzitseni. Mukukumbukira namondwe wa Ana mu Januwale 2022, pamene Kapichira inawonongeka dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130. Chimene timaiwala n'chakuti pa UPS timaikapo kompyuta ndi makina ojambulira, n'kusiya masikirini ndi timabokosi ta HDMI tija. Magetsi akathima jenereta n'kuliza, kompyuta imaona masikirini ake asowa n'kubwerera, ndipo mawindo amasakanikirana monga ndanena kale. Ma TV ambiri a m'nyumba, magetsi akabwera, amangokhala chete kudikira rimoti. Rimoti ili kuti? Ili m'dirowa ya abwana, yokiyidwa. Sikirini zofunika kwambiri ndi kabokosi kalikonse ka panjira ya chithunzi zikhale pa UPS.

Fumbi la fodya mukulidziwa, limalowa paliponse, ndipo likakumana ndi chinyezi cha dzinja limamata pa timano. Mabowo osagwiritsidwa ntchito atsekeni. Makoswe a m'shedi amakonda khungu la nthambo, ndiye kudenga chilichonse chidutse m'paipi, ndipo paipiyo ikhale yaikulu mokwanira kuti mutu wa HDMI udutse, apo ayi mudzagumula khoma tsiku losintha. Siyanimo kachingwe kokokera ina. Musaipinde nthambo mwamphamvu pangodya, musaikhomere ndi misomali yopinda. Ndipo ikaduka, musailumikize. Kuno ndi kwawo kwa William Kamkwamba wa ku Wimbe, amene ali mnyamata anapanga makina a mphepo opangira magetsi kuchokera ku zitsulo zotayidwa, ndipo luso lokonza chinthu ndi zimene zilipo ndi ulemu wathu. Koma timawaya ta m'kati mwa HDMI tinapotedwa awiriawiri ndi kuyezedwa utali mofanana kufakitale. Mukatilumikiza ndi tepi yakuda, mwina Full HD ioneka lero, koma idzakukanani usiku umene ikufunika.

Lembani nthambo iliyonse mbali zonse ziwiri: Geti, Sikelo, Shedi 1. Ndi ntchito ya mphindi zochepa. Amene adzabwere kudzakonza 2 koloko usiku ndi tochi ya foni mwina simudzakhala inu.

Pomaliza, za kagulidwe. Palibe nthambo ya HDMI kapena DisplayPort imene imapangidwa kuno, zonse zimagulidwa kunja ndi ndalama zakunja. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, inagwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo munaona mmene mashelefu anasinthira. Nthambo wamba ya HDMI mungaipeze pa Kasungu pompano, koma adaputa ya active kapena kabokosi ka HDBaseT mwina mukakapeza ku Lilongwe, makilomita pafupifupi 130 pa M1, ngati kalipo sabata imeneyo. Chifukwa chake chipinda chimodzi chisakhale ndi mitundu isanu ya nthambo. Sankhani iwiri, DisplayPort pa desiki ndi HDMI pakhoma, ya utali wofanana pamene zingatheke, kuti yapadera imodzi izitha kulowa paliponse. Pa mtundu uliwonse gulani yapadera tsiku lomwelo, muiyese, muisunge m'chipindamo osati kunyumba kwa mmisiri. Ndipo nthambo yaitali iliyonse iyesedwe pansi, itatambasulidwa, pa makina ndi sikirini zenizenizo, isanakwere kudenga.

Kwa inu akuluakulu amene mumasaina macheke, pempho langa ndi ili. Kotesheni yokhala ndi kamzere ka nthambo ndi zina zing'onozing'ono muibweze, mmisiri alembe nthambo iliyonse, mtundu wake, utali wake ndi kumene ikupita. Ntchito ikatha musalandire masana dzuwa likuwala zonse zili phee. Uzani mmisiri ayatse masikirini onse, alize pampu, alize chigayo ngati chilipo, kenako athimitse magetsi pa switchi yaikulu jenereta itenge, inu muli chiimire m'chipindamo. Sikirini iliyonse ibwerere yokha, ndi kamera yake pamalo pake, popanda wina kugwira rimoti kapena mausi. Chitani zimenezi mu Febuluwale kapena Malichi, mabelo asanadzaze m'shedi. Mmisiri akakana kuyesa pamaso panu, musasaine.